Tochi ya Phazi Lotsala

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi 14, pafupi ndi zenera losatsekeka bwino. Kope ili linali lolembamo manambala a zipangizo za injini, koma masamba otsalawa agwire ntchito ina, chifukwa dokotala akamalankhula ndimangovomera "eya, eya", kenako mayi a Edina akandifunsa kuti ati chiyani ndimangoti kakasi.

Wolembane ndine Makisoni Namalima, zaka 57, wokonza mainjini a maboti padoko la kwathu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa. Shuga anandipeza nayo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mayi a Edina ndi mkazi wanga Cecilia, ndiye gadiyani wanga kuno.

Shuga lero: 412. Kutentha kwa thupi: 38.9. Phazi lamanzere latupa mpaka mu akakolo, chala chachikulu chada. Sindikumva ululu uliwonse, ndipo anesi ati vuto lake ndi lomwelo.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndakopera pa fayilo: ceftriaxone kamodzi pa tsiku, metronidazole ya mu diripi katatu, insulini m'mawa ndi madzulo. Nesi wa mbali yathu, a Jamila, azunguliza mzere ndi cholembera pomwe kufiira kwathera, pamwamba pa akakolo. Ati kufiirako kukapanda kudumpha mzerewu, mwendo tiupulumutsa.

Dokotala wamkulu wabwera cha m'ma 9. Watulutsa m'thumba la malaya katochi konga cholembera, n'kuwunika m'balamo. Kuwala kwake mbee, mpaka ine ndinasiya kuona phazi n'kuyamba kusirira tochiyo.

"Munaponda chiyani, bambo?"

"Munga wa mlamba, adokotala. Unathyokera m'jombo."

"Munayenda nawo masiku angati?"

"Atatu."

Anagwiranso phazi lamanja, kufuna pomwe magazi amagunda, anakhalitsa pamenepo, ndipo analemba kanthu pa fayilo.

Lachitatu, 5 Juni

Shuga 355. Apala balalo, nyama yakufa yadzaza kambale kachitsulo. Fungo lake sindilemba.

Chomwe chikundiwawa n'chakuti ine si munthu wosamva. Ku kiliniki ya shuga anatiuza kuti mapazi athu anachita dzanzi, ndiye maso ndi amene azigwira ntchito ya khungu: m'mawa uliwonse uwunike m'jombo musanalowe phazi, uwunikenso pakati pa zala. Anzanga ambiri anangoseka. Ine sindinaphonyepo tsiku. Tochi yopyapyala ndakhala nayo m'thumba la malaya zaka makumi awiri, yosuzumira nayo m'bowo la pulagi, ndikailuma ndi mano manja onse awiri amakhala pa sipanala. Tsiku limenelo jombozo zinagona m'boti la ku chilumba cha Chisi lomwe linabwera ndi milamba. Ndinaziwunika zonse ziwiri. Sindinaone kanthu.

Anazindikira ndi mayi a Edina pochapa sokosi.

Lachinayi, 6 Juni

Kufiira kwafika pamzere penipeni, sikunadumphe.

Bedi 15 pali Che Ayuba, a golosale ya ku Songani. Akudikira opaleshoni ya chotupa cha m'matumbo. Awonda mpaka mphete ikuvuka yokha, koma pakamwa ndi pomwe pali pathanzi. Atamva nkhani yanga ati, "Amisiri, tandionetsani tochi yanuyo."

Ndinaiyatsa, n'kuwunika pachikhatho monga ndimachitira nthawi zonse. "Si iyi, ikuyaka."

"Musazimitse. Werengani mpaka makumi awiri."

Pofika pa khumi kuwala kunali kutasanduka kwachikasu. Pofika pa makumi awiri kunali ngati diso la nsomba yogonera. Anatsegula kumbuyo, mabatire awiri anagwera pabulangete, onse ali ndi zipsera za mano anga, limodzi lili ndi ufa woyera kumutu.

"Mumayanika padzuwa, eti?"

Ndinavomera. Padoko ponse amadziwa nzeru ya Makisoni: mabatire anayi, awiri mu tochi, awiri padenga la malata akuwotha dzuwa, mawa lake kusinthana. Likafooka kwambiri umaliluma pang'ono pakati, limadzuka. Ndinaphunzitsa asodzi ambiri zimenezi, ena a m'zimbowera, timisasa ta asodzi ta mkati mwa nyanja, amachita kunditama.

"Limadzukadi," anatero Che Ayuba, "koma ngati nkhalamba yodzukira mlendo. Moni yekha, basi yakhalanso pansi. Inu mukamaliza kuwunika pachikhatho, pofika kumphuno kwa jombo yagona kale."

Ndatembenukira kukhoma mpaka nthawi ya alendo.

Lachisanu, 7 Juni

Kufiira kwadumpha mzere ndi chala chimodzi. A Jamila ajambula mzere wachiwiri.

Mawa akukadula chala chachikulu ndi chotsatira chake.

Lamulungu, 9 Juni

Zala ziwiri zapita dzulo. Anandibaya jakisoni wa pamsana, ndinali maso, ndinamva phokoso lonse. Chida chomwe anagwiritsa ntchito sichisiyana kwenikweni ndi pulayala yanga.

A kwaya ya amayi abwera kudzaimba m'wodi. Mayi a Edina aimba nawo, mawu awo ndinawazindikira pakati pa onse. Abweretsa mpunga wa kumunda kwathu, anesi alanda, ati ndidye mgaiwa pang'ono ndi masamba. Mpungawo wapita kwa Che Ayuba, omwenso anangonunkhiza n'kupatsa akazi awo, mayi Mwanabibi.

Lolemba, 10 Juni

Shuga 290. Kutentha 38.2.

Ndawauza mayi a Edina za mabatire. Ndimayembekezera kuti anditukwana, zikanandipepukira. Angoti, "Ndimakuonani mukukwera pampando kukawatenga padenga. Ndimati mukudziwa inu amisiri." Kenako anapita kukachapa.

Ndikanadziwa ndikanaphika therere. Madzi atayika.

Che Ayuba ati kulira kwakwana, tsopano tisankhe tochi yeniyeni, chifukwa ngakhale zitavuta bwanji phazi lina lilipo, ndipo lifunika mlonda. Ati m'golosale mwawo muli mitundu isanu ya timatochi topyapyala. Ndinawafunsa ngati mabatire otsika mtengo omwe ndimaluma aja sagulitsa iwo omwe.

"Ndimagulitsa. Koma sindinauzepo munthu kuti awadye."

Ndaseka koyamba chibwerereni.

Lachiwiri, 11 Juni

Mzere wachiwiri udakalipo bwino.

Edina, mwana wathu wa ku Blantyre, waimba foni. Ati anditumizira tochi yotchaja ndi chingwe, yamakono. Ndamukaniza. Kwathu magetsi ndi a sola ya kubabashopu, ndipo mitambo ya chiperoni ikagwira sabata yathunthu mafoni amachita mzere pamenepo. Tochi ikakagona kotchaja, m'mawa umenewo ndiwunika ndi chiyani? Komanso batire lake ndi lomatirira mkati, likafa tochi yonse yafa. Wati nanga bwanji osangogwiritsa ntchito tochi ya pafoni. Mwana wa m'tauni. Foni silowa kumphuno kwa jombo, ndipo ndagwetserapo kale ziwiri m'madzi poyesa kuiluma.

Che Ayuba agwirizana nane. Achotsanso pamndandanda ija ya timabatire tonga mabatani: ndi yokongola, yopepuka, koma timabatire take ukatifuna padoko sungatipeze, mpaka ukwere njinga kukafika kumsewu.

Zatsala zitatu.

Lachitatu, 12 Juni

Ekisire yatuluka. Dokotala waikweza pazenera, wandionetsa pomwe fupa layamba kudyeka. Kwa ine zimaoneka ngati chitsulo chogwira dzimbiri mkati, kunja penti ili bwino. Wati tiyese mankhwala masiku ena asanu.

Ndafunsa a Jamila za tochi akumanga bandeji. Sanandiseke. Ati ndisagule yowala mobiriwira ngati zija za pa njinga zakabaza, chifukwa imachititsa khungu kuoneka lotuwa lonse, kufiira sikuoneka. Ifunika yoyera ngati kuwala kwa m'mawa. Ati isakhalenso yothwanimathwanima ija yoti ukadina kachiwiri imayamba kuphethira ngati disiko.

"Bambo Makisoni, mukanakhala kuti mumafunsa za shuga ngati mmene mukufunsira za tochimu, bwenzi tili patali."

Akunena zoona. Koma tochi ndimaimvetsa, shuga sindiimvetsa.

Lachinayi, 13 Juni

Malungo a thupi lonse. Kunjenjemera. 39.4.

Loweruka, 15 Juni

Mzere wachiwiri wadumphidwa, wachitatu uli pakati pa katumba. Ndikayang'ana mwendowu ukundikumbutsa chipilala cha padoko chomwe timalembapo pomwe madzi afika chaka chilichonse.

Che Ayuba lero mawu achepa, koma anamaliza phunziro lawo. Ndikulemba monga ananenera.

"Tengani yachitsulo, osati yapulasitiki, mano anuwo angaiswe. Batani likhale kumbuyo, lodina ndi chala chimodzi, chifukwa yopotokola imafuna manja awiri ndipo mchenga wa kunyanja ukalowa m'mazinga basi yauma. Ikhale ndi kokolekera m'thumba. Ya batire limodzi ndi yaifupi, m'jombo simufika. Tengani ya mabatire awiri ang'onoang'ono aja a AAA. Ndipo mabatirewo akhale a alikalaini, olemera. Muziyeza m'manja, opepuka aja ndi a wailesi ya ana. Muzionanso chaka cholembedwa pambali. Latsopano ndi lakale osaphatikiza. Akangoyamba chikasu, apatseni amayiwa akataye kutali komwe inu simukudziwa."

Mayi a Edina anali pomwepo, anati, "Ndikataya m'chimbudzi, Che Ayuba, aone ngati akawatsatire."

"Ameneyo ndiye mkazi," anatero. Kenako anauza mayi Mwanabibi kuti akapita kunyumba akatenge tochi yakuda ija ya pashelefu yapamwamba, ndi mabatire olemera paketi ziwiri. Ndinayamba kunena za mtengo, anandidula ndi dzanja.

Lolemba, 17 Juni

Dokotala wakhala pansi pabedi langa. Munthu akaima ndiye kuti pali chiyembekezo, akakhala pansi ndimadziwa kale.

Wati mwendo uchoke pansi pa bondo, apo ayi chiphe chilowa m'magazi. Ndamufunsa ngati munthu wa mwendo umodzi angatsike m'boti. Wati alipo ambiri amene amagwira ntchito ndi ndodo, ena amalandira mwendo wopanga. Sadziwa doko lathu. Madzi akaphwa boti limaima patali, umayenda m'matope ofika m'mawondo injini ili paphewa.

Ndamufunsanso za phazi lamanja, zomwe analemba tsiku lija. Wati magazi akuyenda mochepa kumenekonso, ndiye ndilisamale ngati dzira, kabala kalikonse kangavute kupola.

Ndasaina. Mayi a Edina adinda chala pansi pa dzina langa, inki ija yakhala pachala chawo tsiku lonse.

Lachiwiri, 18 Juni

Andiuza kuti ndisadye kuyambira usiku uno. Che Ayuba awatenga cha m'ma 8 kupita ku fiyeta kukachitidwa opaleshoni, ine mawa. Podutsa pa tirole anandigwira chala cha phazi lamanja, ati, "Ili ndi lathu, amisiri. Mulisunge."

Loweruka, 22 Juni

Wapita.

Bulangete lagona fulati pomwe panali mwendo. Chala chachikulu chija, chomwe anadula kalekale, chikundiyabwa.

Lamulungu, 23 Juni

Shuga 240. Kutentha kwatsika, 37.4. Morphine wa madzi maola anayi aliwonse.

Bedi 15 pali munthu wina, wothyoka ntchafu pa ngozi ya njinga yamoto. Ndinaganiza kuti Che Ayuba anawasamutsira kuwodi ina. Lero mayi a Edina andiuza kuti anamwalira Lachitatu, ine ndili ku fiyeta, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu. Anandibisira masiku anayi.

Sindinalire za mwendo. Za bambo amenewa ndalira, pamaso pa wodi yonse, masanasana.

Lachiwiri, 25 Juni

Wophunzitsa kuyenda wabwera ndi ndodo ziwiri. Ndaima masekondi ochepa, chizungulire, ndakhala pansi. Wati ndachita bwino. Amawauza onse choncho.

Meshack, mwini maboti awiri padoko, waimba kufuna kudziwa ngati ndibwera msanga, injini yake ikutsokomola. Ndamufotokozera pafoni kuti atsuke kabuleta. Atamva za mwendo anati apeza wina wa ku Kachulu kuti agwirizire kaye. Mawu oti "kaye" ndimawadziwa.

Ndinamuuzanso kuti akauze anthu padoko asiye kuyanika mabatire. Anaseka, amayesa nthabwala.

Lachinayi, 27 Juni

Atsegula bandeji ya chitsa. Dokotala wati chikupola bwino, ulusi achotsa sabata yamawa. Akalola, nditha kutuluka pakatha masiku khumi.

Mayi a Edina apempha kuti mawa apite kunyumba kukaona mpunga womwe unatsala pamkeka, ndipo adzera ku Songani kukapepesa maliro. Ndati apite. Atopa mayi amenewa, miyendo yawatupa chifukwa chogona pasimenti.

Ndayesa kuganiza za moyo wa mwendo umodzi. Mwina anthu azibweretsa mainjini kunyumba pa wilibala, ine ndili pampando pansi pa mtengo wa mango. Ang'onoang'ono aja angatheke. Ndi mwendo umodzi ndi ndodo munthu amafika kuchimbudzi yekha, amafika kutchalitchi. Zonsezi zatsamira pa phazi limodzi. Ndimaliyang'ana lili phee kumapeto kwa bedi, silikudziwa udindo womwe lalandira.

Lachisanu, 28 Juni

Ndekha. Phala, insulini, masamba, insulini. Wa njinga yamoto uja amangoonera mpira pafoni.

Tochi yakale ija idakali mu loka ya pambali pa bedi. Sindikudziwa chomwe ndikuisungira.

Loweruka, 29 Juni

Mayi a Edina abwera nthawi ya alendo ya masana, ali ndi kaphukusi ka pepala lakhaki. Ati mayi Mwanabibi sakutuluka m'nyumba, ali pa masiku awo aumasiye, koma atangowaona anatuma munthu kugolosale. Ati malemu ananena kawiri konse za tochiyi, ngakhale m'mawa womwe amapita ku fiyeta.

Ndi yakuda, yachitsulo, kutalika ngati cholembera, batani kumbuyo, kokolekera kolimba. Mabatire asanu ndi atatu, olemera, chaka cholembedwa pambali chidakali kutali. Pa paketi imodzi alembapo ndi bolopeni, zilembo za mayi Mwanabibi: "Osaluma."

Ndinaika awiri, n'kudina. Ndinawunika pachikhatho, ndinawerenga mpaka makumi asanu, kuwala sikunasinthe. Ndinaona girisi amene adakali m'ming'alu ya manja anga, patatha mwezi wathunthu ndisanagwire injini.

"Ili bwanji, bambo a Edina?"

"Ili bwino. Imeneyi ndiye tochi."

Anapita kukatsuka mbale. Ndinakoka phazi lamanja, ndinaliika pa ntchafu monga anatiphunzitsira ku kiliniki. Chidendene chili bwino. Pansi pali bwino. Ndinayamba kutsegula zala, chimodzichimodzi. Pakati pa chala chaching'ono ndi chinzake, mkati mwenimweni momwe zimagundana, pali kadontho kakuda, kukula ngati diso la kansomba ka matemba, m'mbali mwake mofiirira.

Ndinapukuta ndi nsalu. Sikachoka.

Ndinatsegula loka, ndinatenga tochi yakale ija, ndinawunika pomwepo. Palibe kanthu. Zala zisanu zabwinobwino, phazi la munthu wotuluka m'chipatala sabata yamawa. Ndinayatsa yatsopano, kadontho kali pompo. Ndinasinthanitsa choncho katatu.

Sindibisa, ndinaganiza zongobweza phazi m'bulangete. Masiku khumi si ambiri. Ndikanakafika kunyumba, ndikanakhalako pansi pa mango paja ngakhale mwezi umodzi, n'kumva fungo la nyanja. Ndinakhala ndi matochi awiriwo m'manja mpaka mayi a Edina anabwerera.

"Mwaonapo chiyani?" anafunsa. Zaka makumi atatu ndi chimodzi, nkhope yanga amaiwerenga ngati chikwangwani.

Ndinawapatsa yakale ija. "Iyi mukataye komwe munanena kuja. Pobwerera muitane a Jamila."

Lamulungu, 30 Juni

A Jamila anabwera dzulo lomwelo. Tochi yawo inali ku ofesi, ndiye anabwereka yanga. Anawunika nthawi yaitali, kenako anati dokotala adzaona Lolemba, ndipo za kutuluka tiyambe taiwala. Pobweza anati, "Tochi yabwino, bambo Makisoni. Munasankha bwino."

Atatero anapisa m'thumba n'kutulutsa cholembera chija.

Shuga lero: 268. Mzere woyamba uli pa chala chaching'ono.